Za chitenje chija ku Avebury

Inu a pagulu lathu amene mukufalitsa chithunzi changa nditavala chitenje, n'kumati ndayamba zausing'anga kuno ku England, imvani kaye mbali yanga.

Ku Stonehenge, malo otchuka a miyala ikuluikulu yoimikidwa kalekale, miyalayo anaitchinga ndi chingwe kuyambira 1978, munthu umangoionera patali. Ndiye mayi akunyumba anati tipite ku Avebury, m'dera la Wiltshire lomwelo, kumene miyala amalola kuikhudza ndipo nkhosa zimadya msipu pakati pa bwalo. Malo awiriwa bungwe la United Nations la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo otetezedwa mu 1986, koma ine woteteza ndinalibe. Ndikubwerera chafutambuyo kuti mwala wonse ukwane m'chithunzi, phazi linaponda zimene nkhosa inasiya. Mwendo wina kum'mawa, wina kumadzulo, buluku n'kungoti kwee, kuyambira palamba mpaka kumene sindingatchule.

Ndinadzuka mwaulemu wonse n'kukanikiza msana pamwala. Chimwala choti anthu anachiimika zaka zoposa 4,000 zapitazo popanda thirakitala, tsikulo ntchito yake inali kubisa kabudula wanga wamkati.

Posakhalitsa kunatulukira gogo wina wachizungu, wosavala nsapato. Anandiyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu, n'kutsamira pambali panga atatsinzina. Kenako monong'ona anandifunsa ngati nanenso ndikuimva mphamvu ya mwalawo. Ndinati ee gogo, ndikuimva kwabasi, ndipo sindinaname chifukwa mphepo inali ikulowadi. Basi gogo kukodola anzake. Anabwera, kundandalika uku ndi uku, onse maso tseke, kupuma mozama, ine pakati ngati mkulu wa mpingo. Ndikasuntha pang'ono, iwonso kusuntha. Ndikausa moyo, mzere wonse kuusa moyo. Ndinatsokomola, bambo wina kumapeto n'kutsokomolanso.

Bamboyo ndi amene anandiuza kuti mu 1938 anafukula mafupa pansi pa mwala wina pomwepo, a munthu wa m'zaka za m'ma 1300, ali ndi sizasi yake. Mumtima ndinati koma mwamuna ameneyo akanakhala ndi singano ndi ulusi, bwenzi nditamudzutsa.

Nthawi yonseyi mayi akunyumba anali atakhala pansi ndi phwete, foni m'manja. Atapukuta misozi m'pamene anakumbukira kuti m'chikwama muli chitenje. Ndinachimanga, n'kuwatsanzika anthu anga ndi dzanja, gogo uja n'kundithokoza.

Amene mukuti ndanenepa ndi tchipisi, bodza limenelo. Buluku ameneyu anasokedwa mwaulesi kuchokera kufakitale. Atelala akuti ndingogula wina.