Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chomwe ndinagula dzuwa ku famase

M'gawo lapitali ndinalekeza pomwe ndinapeza ntchito yausiku yosamalira okalamba ku Leicester, mzinda wa ku Britain. Tsopano tafika 2020. Chaka chimenechi sichingathe m'gawo limodzi, ndiye lero ndingokamba za vitamini D, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa.

Kuwawa kwa thupi kunayamba Covid isanamveke. Msana, ntchafu, mafupa a m'chiuno, zonse zinkaphwanya, ndipo pokwera masitepe ndinkapumira panjira. Dokotala atanditenga magazi anapeza kuti vitamini D ali pansi pa 25 nmol/L, malire omwe kuno amati munthu wasowa zedi. Khungu ndi lomwe limapanga vitamini ameneyu likawombedwa ndi kuwala kwa dzuwa kotchedwa UVB. Ku Britain, kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, dzuwa limayenda motsika kwambiri, moti ngakhale liwale khungu silipanga kanthu. Khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuposa la mzungu kuti lipange muyeso womwewo. Nanga ine wogona masana, makatani otseka? Zakudya zomwe vitamini ameneyu amapezekamo ndi zochepa: nsomba zamafuta monga mackerel ndi sardines, chiwindi, ndi mbali yachikasu ya dzira.

Amayi nditawauza pafoni anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, dzuwa lafika pogula ku famase? Bwera kuno ku Mchinji udzapalire chimanga, uchira mawa lomwe." Mapiritsi anandithandizadi. Patapita miyezi ingapo mafupa anasiya kuphwanya.

Pa 23 Malichi dziko la Britain linatsekedwa chifukwa cha Covid. Mu Epulo nyuzipepala zinalemba kuti madokotala 10 oyamba kufa ndi Covid ku Britain onse anali a mitundu yochokera ku Africa, Asia ndi Middle East. Mantha anatigwira. Pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi aliyense anasanduka sing'anga: ena jinja ndi mandimu, ena kufukiza ndi masamba a bulugamu, koma wamkulu wa onse anali vitamini D. Mfundo yake inkamveka bwino. Akuda tili ndi vitamini D wochepa, akuda tikufa kwambiri, basi chifukwa chapezeka.

Sizinali zopeka zokhazokha. Vitamini D amathandiza maselo oteteza thupi kupanga tinthu topha tizilombo, monga cathelicidin. Mu 2017, Adrian Martineau wa ku Queen Mary University of London ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 25 napeza kuti kumwa vitamini ameneyu kumachepetsako pang'ono chimfine ndi matenda a m'chifuwa, makamaka kwa amene anali atasowa kwambiri. M'zipatala zambiri odwala Covid mwakayakaya ankapezekanso ndi vitamini D wotsika. Kenako kunatuluka za ku Córdoba, ku Spain: mwa odwala 50 omwe anapatsidwa calcifediol, mtundu wina wa vitamini D, mmodzi yekha ndiye analowa mu ICU, pamene mwa 26 omwe sanapatsidwe analowa 13. Uthenga umenewu unazungulira pagulu lathu ngati wa maliro a mfumu.

Achemwali ena omwe tinkasinthana nawo ntchito m'mawa anandionetsa botolo la mapiritsi a vitamini D a 10,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini) lomwe anagula pa intaneti. Ankamwa tsiku lililonse, masiki ali pachibwano. Ndinati, "Achemwali, a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amati mamayikulogalamu 10 patsiku, ndiye 400 IU, ndipo musapitirire 4,000 IU popanda dokotala. Akachuluka, kashiamu amadzadza m'magazi n'kuwononga impso." Anangoti, "Inu ndi unesi wanu wa m'mabuku."

Chomwe chinkandivuta ine n'chakuti ndinkawaona anthu osowa vitamini D usiku uliwonse. Agogo osatuluka panja, odwala shuga, onenepa kwambiri, ofooka kale. Anthu amenewa Covid imawagwetsa ngakhale vitamini atakwana. Ndiponso matenda aakulu pawokha amatsitsa muyeso wake m'magazi, ndiye ukayeza munthu ali kale pa okosijeni sungadziwe chomwe chinayamba. Kafukufuku wa ku Córdoba anali wa anthu 76 okha.

Akuluakulu atayesa mwadongosolo, zotsatira sizinasangalatse gulu lathu. Ku São Paulo, odwala 240 anagawidwa pawiri, ena n'kupatsidwa 200,000 IU kamodzi, koma masiku ogona m'chipatala sanasiyane. Mu Disembala 2020 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linati umboni ndi wosakwanira kuti vitamini D azigwiritsidwa ntchito popewa kapena pochiza Covid. Martineau yemwe uja anayesa anthu 6,200 mu kafukufuku wa CORONAVIT, ndipo zotsatira za mu 2022 sizinaonetse kuti omwa mapiritsi anadwala mochepa. Ku Norway anayesa mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod pa anthu oposa 34,000, chimodzimodzi. Boma la Britain linagawabe mapiritsi aulere m'nyumba za okalamba kuyambira Januwale 2021, ifenso tinalandira, koma chifukwa chomwe linapereka chinali mafupa ndi minofu.

Maganizo anga ndi akuti nkhani ya vitamini inatikomera chifukwa inali yosavuta kugula. Leicester unali mzinda woyamba kutsekedwa pawokha, kumapeto kwa Juni 2020, ndipo aliyense wokhala kuno ankadziwa za mafakitale osoka zovala ndi nyumba zomwe agogo, makolo ndi zidzukulu amagona pamodzi. Ife tinkasambitsa odwala, kuyendetsa mabasi, kukolopa m'mawodi, pamene ena ankagwira ntchito pakompyuta kunyumba. Ntchito yausiku yomwe inandilanda dzuwa ndi yomwenso inandiika maso ndi maso ndi munthu wotsokomola.

Mapiritsi anga ndimamwabe chaka chonse, monga NHS imalangizira anthu a khungu lakuda. Gawo likubwerali ndikamba za katemera, ndi momwe ndinayambanirana ndi amalume a ku Johannesburg omwe analumbira kuti sadzabayitsa.