Ku Mua, yambirani kumene kukulira kasemasema

Chipika chija chinali cha mlombwa, kukula kwake ngati ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo pochiona chinkaoneka chouma bwinobwino. Bambo wosema ziboliboli anachigogoda kawiri ndi msana wa kasemasema, n'kutchera khutu, kenako anachikankhira pambali. Nditafunsa chifukwa, anandipatsa chipika china kuti ndiyerekeze. Choyamba chija chinali cholemera, chozizira m'manja, ndipo chinkalira mogonthera. Chachiwiri chinali chopepukirako ndipo chinkalira kuti ngwee. "Ichi chikadali ndi madzi m'kati, bambo," anatero, n'kusiya ntchito yawo kuti andifotokozere.

Apa m'pa Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, ku Mua m'boma la Dedza, m'munsi mwa mapiri kufupi ndi Mtakataka. Mishoni ya Mua anaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo Kungoni anaiyambitsa Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976. Ochokera ku Salima kapena ku Balaka amatsata msewu wa M5 n'kupatuka pa kamsewu kokwera ku mishoni. Ochokera ku Dedza amatsika ndi msewu wa Golomoti, umene uli ndi makona ochuluka moti galimoto ya mabuleki okayikitsa isayerekeze.

Zimene anandiphunzitsa bambo aja n'zakuti mtengo umauma kuyambira kunja. Kunja kukamafota m'kati mukadali madzi, thupi la mtengo limakokana, ndipo mng'alu umatsegula kuchokera pa mtima wa mtengo kupita kunja. N'chifukwa chake chiboliboli chosemedwa pa chipika chachiwisi chimang'aluka, nthawi zina pankhope penipeni, patapita miyezi chili kale pa shelefu ya wogula. Wodziwa ntchito amachotsa khungwa msanga poti fufuzi amakonda kuyambira pansi pake, amamata phula kapena penti mbali zonse ziwiri zodulidwa chifukwa madzi amathawira kumeneko mofulumira, kenako amasanjika zipikazo pa mthunzi podutsa mphepo, zosakhudza dothi kuopa chiswe. Kuziyanika padzuwa n'kuziwononga. Chipika chachikulu amachiwaza pakati kuti mtima uja usakhale m'kati mwa chosemacho. Ndipo kudikira kwake si kwa masabata: chipika chonenepa chimatha chaka kapena kuposerapo. Chikauma, nkhwangwa imachotsa zikuluzikulu, kasemasema amatulutsa maonekedwe, tchizulo ndi mpeni zimalowa m'maso ndi m'zala, sandipepa amayamba wokhakhala kumalizira wosalala, polishi pamapeto.

Mukachoka kwa osema ndiye lowani mu Chamare, nyumba yosungiramo za chikhalidwe imene inatenga dzina limene anthu a kuno ankaitanira Bambo Champmartin, wansembe wina wakale wa pa mishoniyi. Makoma ake akunja ajambulidwa mbiri ya dziko lino, ndipo m'kati muli zipinda zitatu zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Chimene chimaimitsa aliyense ndi zigoba za Gule Wamkulu zopitirira 400. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Amene wadzera kwa osema amaona zimene ena amazidutsa: mikwingwirima ya kasemasema, kupepuka kwa mtengo umene wosema anasankha poganizira wovina amene adzapirire thukuta pabwalo, nthenga, ubweya ndi sanza zolumikizidwa mwaluso. Chadzunda, Maliya, Simoni ndi nkhope yake yofiira, aliyense ali ndi mwambo umene amaphunzitsa, ndipo wokuperekezani amaufotokoza ngati mwamupatsa mpata. Polowa pamalipidwa, choncho tengani ndalama m'thumba. Za kujambula funsani kaye, chifukwa kwa eni ake izi si zidole.

Chimandiwawa ndi anthu ofika pa basi, kuzungulira zipinda zonse zitatu m'mphindi 20, n'kuthamangira kunyanja. Pamafunika maola awiri osachepera. Ana athu ambiri sanagwirepo sompho, sadziwa kuti mtondo ndi munsi zimasemedwa kuchokera ku mtengo wanji, koma tikawabweretsa pamalo ngati pano timawafola pamzere n'kumawakalipira kuti afulumire. Mphunzitsi amene akukonza ulendo wotere agawe ana m'timagulu ta anthu khumi, ena ayambire kwa osema, ena m'nyumba muja, kenako asinthane.

Pogula chosema, kaya pano kaya m'mbali mwa msewu kwina kulikonse, chitembenuzeni muone kunsi. Mukaona timizere tozungulira tokumana pakati, mtima wa mtengo uli momwemo, ndiye yang'anitsitsani ngati sipanayambe kamng'alu kobisidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Timabowo tating'onoting'ono totulutsa ufa ndi fufuzi, ndipo akalowa m'nyumba samathera pa chiboliboli chokhacho. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, wakuda mpaka m'kati, ndipo nthawi zambiri amasiyidwa ndi kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo. Wonamizira amakhala mtengo wopepuka wopakidwa polishi wa nsapato: mukakanda kunsi ndi chikhadabo, kuyera kumaonekera. Kunyumba musachiike pa windo lowomba dzuwa kapena pafupi ndi moto.

Za mtengo wogulira, kunenerera n'kwachibadwa, koma kumbukirani chipika chimene chinagona pamthunzi chaka chathunthu. Mlombwa ndi phingo zikusowa chifukwa nkhalango zikuthera ku makala ndi macheka, ndipo mitengo imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ifike posemeka. Pamene ndinkatsika kulowera ku M5, chipika chokanidwa chija anali atachibwezera pa mulu wa zodikira, mbali zake zodulidwa atazimata penti.