Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kope la pansi pa mphasa

M'gawo lapita ndinalekezera pamene tinaika bambo m'manda. Chaka chomwecho, 2012, tulo tinandithawa. Ndinkagona m'kachipinda kathu ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, maso ali tong'o mpaka makombi (maminibasi) oyamba atayamba kuitanira anthu. Nsima ndinkangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja.

Azakhali anabwera kuchokera ku Mufakose. Atandiyang'ana anati, "Iwe, mwamuna sakhala chonchi. Kapena pali wakuponda?" Amayi anangoti zii. Ife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito kuno, dzina la matenda a m'mutu tinali nalo limodzi basi: misala. Ndipo wamisala ndi uja wotola zinyalala pamsika wa Mbare Musika, osati mnyamata woimba kwaya ku CCAP. Ndiye ndinatseka pakamwa.

Chimene ndinkachita n'kulemba. Ndinali ndi kope la sukulu lomwe ndinkalibisa pansi pa mphasa, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti zimenezo ndi ndakatulo. Ina inkati:

Mutu wanga ndi mtondo,
usiku wonse wina akusinja,
kukacha, ufa palibe.

Namwino wina wa kutchalitchi kwathu ndi amene anandikokera ku Friendship Bench, ntchito yothandiza anthu ovutika maganizo imene Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a m'mutu, anaiyambitsa ku Mbare komweko mu 2006. Palibe jakisoni, palibe bedi. Ndi benchi la matabwa panja pa kiliniki, ndipo pamakhala agogo ophunzitsidwa kumvetsera. Iwo vutoli amalitcha kufungisisa m'Chishona, ndiye kuti kuganiza mopitirira muyeso. Nditamva dzinalo mtima unatsikako pang'ono, poti kuganiza si kupenga.

Agogo anga a pabenchipo atamva mfunda wanga anasiya Chishona. Kani malemu amuna awo anali a ku Dedza! Tsiku lachitatu ndinawaonetsa kope lija. "Werenga ndimve, mdzukulu wanga," anatero. Ndinawerenga za mtondo zija mawu akunjenjemera. Sanandiyamikire ayi. Anangofunsa kuti, "Nanga akusinjayo ndani?" Ndinalira mpaka mamina, koyamba chimwalirireni bambo.

Masiku ano ndakatulo za nkhawa zachita kusefukira pa Facebook ndi TikTok. Zina n'zakupsa, koma zambiri zimangotchula dzina la matenda m'Chingerezi ngati zikuwerenga khadi la kuchipatala, osakuonetsa mbale ya nsima imene yazizira. Izi n'zanga chabe, alakatuli anzanga musandidye.

Tibwerere ku nkhani yanga ija. Mnzanga wina anandiuza kuti ku Book Café, malo a zamsangulutso mu Harare, achinyamata amapikisana kulakatula pa mpikisano wotchedwa House of Hunger Poetry Slam. Malowo anatsekedwa mu 2015, koma nthawi imeneyo kunkadzaza. Ambiri ankalakatula m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chingerezi, pomwe zanga zonse zinali m'Chichewa cha kunyumba, chomwe kusukulu ndinkachibisa kuopa kusekedwa.

Loweruka lina ndinapempha amayi dola ya kombi. "Ukupita kuti?" anafunsa. Ndinati kukwaya, kope ndili nalo m'malaya.