Ku Mulanje tinakadya m'bale wake wa chitedze

Tinanyamuka ku Dowa mbandakucha, alimi a m'gulu lathu titadzaza minibasi, kukacheza ndi alimi anzathu a ku Mulanje. Titadutsa Limbe ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo, tinafika kufupi ndi Chonde dzuwa likulowa.

Kutacha anatitengera kumunda wa m'mbali mwa khwawa. Kumeneko chitedze chinali chitayanga pamitengo ndi pabango, masamba atatuatatu paphesi, nyemba zake zopindika zili lendee, zodzaza ubweya wofiirira. Inali Julayi, nthawi imene chimauma n'kumaulutsa ubweyawo kukawomba mphepo. Mnzathu wina anagunda nthambi ndi phewa, ubweya wonse m'khosi. Amayi amene ankatitsogolera anakuwa kuti, "Musakande bambo, mukuulowetsa!" Anamupaka phulusa, koma anavutika ndithu.

Cha pomwepo panali kalongonda wobzala. Masamba ofanana, kayangidwe komweko, koma makoko ake ukawagwira sayabwa. Mlangizi amene tinali naye anati ziwirizi ndi mtundu umodzi, dzina la sayansi ndi Mucuna pruriens: china n'cha kutchire, china anthu anachiweta. Anazula chomera chimodzi n'kutionetsa timibulu ta m'mizu timene timaika nayitirojeni, chakudya cha zomera, m'nthaka. Pansi pake panali masamba ofota okhaokha, dothi lakuda lofewa, udzu wochepa. Ine ndinakumbuka chitedze chonse chimene ndakhala ndikutentha m'malire a munda wanga osayang'ana n'komwe dothi la pansi pake.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kaphikidwe. Alomwe kalongonda samuphika mothamanga. Mphika unatereka m'mamawa. Nyemba zitafewa anazisenda, n'kuwiritsanso, kutaya madzi akuda bii, kuthira ena, kutayanso, mpaka madzi atayera. Nkhuni zinapita zambiri. Amayi aja anatichenjeza mobwerezabwereza kuti wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Mlangizi anati chochititsa ndi mankhwala a m'nyembazo otchedwa L-dopa, omwewo amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson.

Tinadya madzulo, wothira mchere basi. Ena mwa ife anayamba ndi kambewu kamodzi, akuyang'ana eni mudzi kaye. Ndi wokoma, ndipo amakhalitsa m'mimba.

Pobwerera anatipatsa mbewu m'kathumba, zakuda ndi zamawangamawanga. Tagwirizana kuti chaka chino tizibzala m'munda wa gulu kuti tione mmene zingakonzere nthaka, koma kuphika tidikire amayi aja adzabwere kwathu, adzatiyimirire pamphika woyamba.