Matabaini ndi owerengeka, majenereta ndiye ayi

Ntchito yanga ndi yowerengera mpweya woipa wotuluka m'makina, ndipo mwezi uno abwana anandipatsa ya ma gas turbine (matabaini, makina opanga magetsi ozungulitsidwa ndi mpweya wotentha) a m'Zambia muno: amatulutsa NOx (mpweya woipa wa nayitrojeni ndi okosijeni) yochuluka bwanji pachaka? Mndandanda wake sudzaza ndi tsamba lomwe. Magetsi athu ambiri ndi a madzi, a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Matabaini oyaka moto odziwika ndi a Copperbelt Energy Corporation aja, 80 MW (mamegawati, muyeso wa mphamvu ya magetsi) onse pamodzi, amene amangodikira tsiku loti magetsi athime kuti mapampu a m'migodi asaime. Amamwa dizilo. Makina a Ndola Energy a 105 MW sali m'gulu limeneli, chifukwa ndi mainjini a mapisitoni.

NOx yambiri sichokera m'mafuta, imachokera mumpweya tikupumawu, umene 78 peresenti yake ndi nayitrojeni. Lawi likatentha kupitirira madigiri 1,500, nayitrojeniyo imagwirana ndi okosijeni, n'kubala mpweya wopsereza m'chifuwa, umene odwala mphumu amaumva msanga. N'chifukwa chake matabaini ena amawapopera madzi kapena nthunzi pamotopo kuti lawi lizizireko.

Masamu ake ndi a pulayimale. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu pafupifupi 36 MJ (mamegajulu; 1,000 MJ ndi GJ imodzi). Buku la AP-42 la EPA, bungwe loteteza chilengedwe la ku America, limati tabaini ya dizilo yopanda chochepetsera imatulutsa magalamu a NOx pafupifupi 380 pa GJ iliyonse ya mafuta, ndipo yopoperedwa madzi imatsika kufika cha m'ma 100. Tiyerekeze tabaini ya 20 MW imene imasandutsa magetsi 30 peresenti ya mphamvu ya mafuta ake: pa ola imamwa malita ngati 6,700, n'kulavula makilogalamu 90 a NOx. Pamene anthu amagwera m'mbuna ndi pa maola. Wina amangotenga 80 MW n'kuchulukitsa ndi maola 8,760 a chaka chonse, chikhalirecho makinawo nthawi zambiri amakhala ali duu. Komanso nambala za m'bukuzo anazipeza pa makina oyenda pa 80 peresenti ya mphamvu zawo kupita m'mwamba, osati ongoyatsidwa kuti ayesedwe. Ine ndimakhulupirira malita a mafuta amene apsa, osati zolembedwa pachitsulo cha makina.

Koma chandisowetsa tulo si matabainiwo. Buku lomwelo limati injini yaing'ono ya dizilo imatulutsa magalamu pafupifupi 1,900 pa GJ. Ndiye kuti lita imodzi yopsa m'jenereta ikufanana ndi malita asanu a m'tabaini. Tsono kumbukirani chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuthima maola oposa 20 patsiku. Mu Lusaka, ku Kamwala, ku Chilenje, mumsewu wa Cairo, jenereta linkalira kuseri kwa pafupifupi sitolo iliyonse yaikulu, paipi yake itaima pamsinkhu wa mwana wasukulu, pomwe chumuni cha tabaini chimatayira utsi wake kumwamba.

Ndinapita kubekale ina kufupi ndi kwathu kukaona mmene amalembera mafuta. Bambo woyang'anira jenereta anatulutsa kope la sukulu lothimbirira ndi girizi, masiku ena olembedwa ndi pensulo, ena osalembedwa n'komwe.

"Bambo, nanga Lachitatu ili munathira malita angati?"

"Mayi, tsiku limenelo buledi anali mu uvuni. Ndikanagwira cholembera kapena chigubu?"

Sindinawatsutse. Komabe kope lothimbiriralo likuposa zimene masitolo ambiri ali nazo, ndipo dizilo wogulidwa m'zigubu pamalo omwetsera mafuta amawerengedwa ngati wa galimoto. Lipoti la matabaini ndapereka Lolemba, masamba atatu okha. Pansi pake ndawonjezera pempho loti andilole kusonkhanitsa malisiti a dizilo m'masitolo a ku Kamwala, ndipo abwana angoti ndiyambe ndalemba bajeti ya thiransipoti.