Mita inandiuza 12.4, koma pampu inali ndi njala

Papita miyezi isanu chiyambire kuphunzira za magetsi a galimoto pagalaja ya amalume ku Highfield, cha ku Gazaland, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Anyamata a kuno amawatchula kuti Sekuru, ine ndimangoti amalume, chifukwa kunyumba timayankhulabe Chichewa chomwe agogo anabwera nacho kuchokera ku Dedza. Ndili ndi kope lolembamo zimene ndalakwitsa, ndipo tsamba la sabata ino ladzaza mbali zonse.

Anatikokera Toyota Corolla ya AE100, ya injini ya 5A-FE, yakale kuposa ine. Mwini wake anati imalira bwino m'mawa, koma ikangoyenda pang'ono mu Willowvale Road imayamba kutsamwa, kenaka n'kuthima. Iye anali ataweruza kale kuti vuto ndi blend, petulo wathu wosakaniza ndi ethanol, amene kuno amasenza mlandu wa chilichonse chimene chavuta m'galimoto.

Amalume anali atapita ku maliro ku Mufakose, ndiye ndinati mwayi wodzionetsa ndi uno. Ndinatembenuza kiyi kufika pa ON, n'kutchera khutu pampando wakumbuyo. Zii. Pa Honda Fit ndi zina zimene ndinazolowera, pampu ya petulo, yomwe imakhala m'thanki kunsi kwa mpandowo, imang'ung'udza masekondi awiri kiyi ikangofika pa ON. Apa sinatero, basi ndinati yafa. Ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Kaguvi Street, ndinagula pampu ina ndi ndalama zanga, n'kuimanga. Galimoto inalira, ndinadziguguda pachifuwa. Tisanafike n'komwe pamsika wa Machipisa inathimanso.

Atabwera amalume sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mphwanga, pampu yakaleyo inakuuza yokha kuti yafa?"

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ma Toyota a zaka za m'ma 1990 ngati imeneyi samayendetsa pampu kiyi ikakhala pa ON pokha. Magetsi amachoka kubatire, kudutsa fyuzi ya EFI ya ma amp 15, kulowa mu EFI main relay (relay ndi switchi yoyendetsedwa ndi magetsi), kenaka mu relay ina yotchedwa circuit opening relay, yomwe ili kuseri kwa dashibodi. Yachiwiriyi imalola magetsi kudutsa kupita kupampu pokhapokha sitata ikuzungulira, kapena kompyuta ya injini ikaona kuti injini ikuyenda. Anachita dala opanga, kuti pangozi injini ikathima pampu isapitirize kupopa petulo. Ndiye kuti chete amene ndinamva uja anali chete wa galimoto yabwinobwino.

Anatsegula boneti, n'kuvundukula kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Analumikiza timabowo tolembedwa +B ndi FP ndi kawaya kakafupi, kiyi ili pa ON, ndipo pampu inayamba kulira injini ili chiimire. Koma kulira kwake kunali kwaulesi, ngati munthu amene wagona ndi njala.

"Yeza," anatero.

Ndinazula pulagi ya pampu pansi pa mpando, ndinaika mita yoyezera magetsi pamawaya ake awiri, ya magetsi ndi ya ethi, yobwezera magetsi kubodi ya galimoto. Inaonetsa ma volt 12.4. Ndinati, "Amalume, magetsi akufika onse." Iwo anati ndibwezere pulagi, ndilowetse timisomali ta mita chakumbuyo kwake pampu ikuyenda. Nambala inagwa mpaka 7 ndi kakanthu.

Pamenepa ndakhalapo nthawi yaitali usiku ndi kope langa, chifukwa lamulo la Ohm, loti ma volt ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma ohm, ndinaliloweza kale koma ndinali ndisanalionepo ndi maso. Mita ya manambala imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi kapena polumikizira patachita dzimbiri, iyo imaonetsabe 12. Zili ngati mpopi wa madzi wotsekeka ndi matope: ukautseka kumapeto mphamvu imaunjikana bwinobwino, ukautsegula umangodontha. Pampu ya mtundu uwu imakoka ma amp pafupifupi 5. Dzimbiri la ohm imodzi yokha, kuchulukitsa ndi 5, ndi ma volt 5 otayika panjira. Pampu yotsala ndi 7 singafikitse mphamvu ya petulo pafupi ndi 3 bar imene ma injector, timipopi tothira petulo mu injini, amafuna. Komanso pamalo padzimbiripo pamatentha magetsi akamadutsa, kulumikizana n'kumaipiraipira. N'chifukwa chake m'mawa inkanamiza mwini wake.

Kupeza malo enieni sikunatenge nthawi. Tinalumikiza waya wautali kuchokera ku negetivu ya batire mpaka kumbuyo, mita pakati pa wayayo ndi ethi ya pampu, pampu ikuyendabe. Pamenepo pamayenera kuoneka zosafika theka la volt. Panaoneka pafupifupi 5. Mbali ya magetsi obwera, fyuzi ndi ma relay onse awiri, inali bwino. Titatsata waya wa ethi tinapeza bawuti yake pabodi itafiira ndi dzimbiri, kapeti wake wonyowa ndi madzi a mvula olowera parabala yong'ambika. Sandipepa, bawuti ina, kagirizi pamwamba. Pampu inasintha mawu nthawi yomweyo, ndipo mita inaonetsa kupitirira 12.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anandikwezera mawu. Ndinatenga pampu yakale ija kuti ndiigundise kubatire pomwepo, pafupi ndi thanki yomwe ndinali ndisanaitseke bwino. "Iwe! Ukufuna tikuike m'manda ku Mbudzi sabata ino?" Nthunzi ya petulo imayaka ndi kamoto kakang'ono ka waya. Tinapita nayo kutali, titaipukuta, n'kuigundisa kamphindi kochepa chabe, poti pampu imazizira ndi petulo yemweyo ndipo youma siifuna kuyenda nthawi yaitali. Inazungulira mwamphamvu. Inalibe vuto lililonse, ndiye tinaibwezera m'thanki.

Mwini galimoto analipira ntchito ya ethi yokha. Pampu ya ku Kaguvi yakhala yanga, ili pashelefu pamwamba pa mabokosi a mafyuzi. Amalume andipatsa babu lakale la hedilaiti la ma watt 55 kuti ndiliwotcherere mawaya awiri. Limakoka magetsi ofanana ndi a pampu, ndiye likayaka mofooka pa pulagi ndidziwiratu. Mawa kukubwera Nissan Sunny yomwe geji yake ya petulo imangoloza pa F, ndipo anena kuti ndiyambe ndekha iwo akumwa tiyi.