Mmene kamlatho kathu kanalowera mu bajeti ya khonsolo

Ulendo woyamba tinaphonya tsiku. Kumayambiriro kwa 2023 tinamva kuti khonsolo ya mzinda wathu ikhala pansi kuvomereza bajeti, ndiye tinasonkherana ya minibasi, anthu 12, amayife titavala zitenje zofanana ngati tikupita ku chinkhoswe. Nkhani yathu inali imodzi: khwawa lomwe linadula dera lathu pakati. Chilimwe umalilumpha osavula nsapato. Dzinja likafika ana a tsidya lino sapita kusukulu, ndipo wodwala amamuzungulitsa pa kabaza kumsewu waukulu kuti akafike kuchipatala. Powolokera panali mitengo itatu ya bulugama imene anyamata ankayala chaka ndi chaka, madzi n'kumaikokolola.

Mlonda sanatibweze. Misonkhano ya khonsolo ndi yotsegukira anthu, ndipo anatilozera mabenchi akumbuyo. Meya analowa atavala mkanjo ndi tcheni chake m'khosi, tonse n'kuimirira. Wapampando wa komiti ya zachuma anawerenga manambala, wina anapempha kuti bajeti ivomerezedwe, wina n'kumuikira kumbuyo. Amfumu athu anakweza dzanja, mkono mpaka kutopa. Kalaliki wina anabwera chowerama n'kuwanong'oneza kuti, "Pepani amfumu, kuno mungomvera. Oyankhula ndi mamembala okha." Nthawi ya nkhomaliro isanakwane zonse zinali zitatha.

Potuluka ndinamutsekereza kalaliki uja pakhomo, mtima uli m'mwamba. Anali bambo wachikulire, ndipo sanandibwezere ukali. Anati, "Mayi, mwafika nsima itaomoledwa kale. Ufa timalandira mu Okutobala."

Ine ndine mlembi wa komiti ya m'dera lathu, ntchito yopanda malipiro imene anandipatsa chifukwa ndimalemba zooneka. Mawu a bambo aja ndinawalemba pachikuto cha kope la maminitsi, ndipo pa bajeti yotsatirayo tinawatsata.

Choyamba chinali kumvetsa kalendala. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi, ndipo chinasintha mu 2022, koma mitu ya ambirife inali ikadali pa Julayi pomwepo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limati khonsolo ikonze bajeti yake kutatsala masiku 90 kuti chaka chatsopano chiyambe, n'kuitumiza ku komiti yoona zachuma za makhonsolo onse, ija amaitchula kuti NLGFC. Mukawerenga chobwerera m'mbuyo mufika kumayambiriro kwa Januwale. Ndiye kuti zokoka ndi zokankha zonse zimachitika mvula isanayambe, pamene khwawa lili gwaa ndipo palibe akuliganizira. Ife tinkadandaula mu Febuluwale, madzi ali m'chiuno, nthawi imene pepala latsekedwa kale.

Chachiwiri chinali kudziwa khomo logogoda. Anthu akuluakulu kwathu akamva za chitukuko amathamangira kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Sindiwadzudzula. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo anthu anazolowera kuti chilichonse, kuyambira bokosi la maliro mpaka mlatho, ndi kwa phungu. Koma bajeti ya mzinda imalowera kwa khansala wa wodi, kudzera mu komiti ya chitukuko ya wodiyo.

Mu Seputembala amfumu anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira. Ndikati amfumu ndikunena a m'tauni, amene pamapepala a khonsolo amalembedwa kuti block leader. Tinagwirizana kuti tipemphe chinthu chimodzi chokha. Izi zinavuta kuposa mmene mungaganizire. Wina amafuna magetsi a mumsewu, wina kiyosiki ya madzi, wina kuti zinyalala za kuseri kwa msika zichotsedwe. Mphunzitsi wina wopuma ndiye anatiwongola: kiyosiki ndi nkhani ya bungwe logulitsa madzi, ndipo kalata yopempha zinthu zisanu ndi ziwiri imapatsa woiwerenga ufulu wosankha chotchipa n'kunena kuti wakuyankhani. Tinalemba za khwawa basi, anthu n'kusaina, osatha kulemba n'kudinda chala.

Kalatayo ndinaijambulitsa katatu. Imodzi inapita kwa a khansala, ina kwa wapampando wa komiti ya wodi, yachitatu ndinapita nayo ndekha ku ofesi yolandira makalata ya khonsolo, yolembera mkulu wa khonsolo. Apa mverani bwino. Musangosiya kalata pa kauntala n'kuthokoza. Pemphani kuti akudindireni chidindo cha tsiku pa pepala lanu lotsala. Mtsikana wa pamenepo anati inki yauma, ndibwere mawa. Ndinati, "Achemwali, ndidikira, minibasi ndalipira kale." Ndinakhala pabenchi mpaka inki inapezeka ku ofesi yoyandikana nayo. Patapita miyezi iwiri kalata yathu inasowa m'faelo, ndipo chimene chinatipulumutsa ndi kachidindo kofiirira kaja.

Ku msonkhano wa komiti ya wodi ndi kumene kunali nkhondo yeniyeni. Wodi imodzi ili ndi madera angapo, ndipo lililonse linabwera ndi chilonda chake. A kumsika amafuna chimbudzi, ndipo kunena zoona mlandu wawo unali womveka, chifukwa kolera ya 2022 ndi 2023 inali isanaiwalike. Ife tinabwera ndi chinthu chimene ena analibe. Aphunzitsi aakulu a pasukulu yapulayimale anatilola kukopera kaundula wa Sitandade 2 wa teremu ya mvula. Ndinamutambasula patebulo. Masiku ouma mzere uliwonse unali ndi tizizindikiro ta kupezeka, mwandondomeko ngati mizere ya chimanga. Masiku a mvula yamphamvu theka la tsamba linali mazilo okhaokha, ndipo maina ake anali a ana a tsidya lathu. Anthu anasiya kulongolola n'kuyamba kuwerama kuti aone. Chimbudzi chinakhala choyamba, khwawa lachiwiri. Ndinaonetsetsa kuti mlembi wa komitiyo walemba zimenezo m'maminitsi ine ndikuona.

Chinthu chopanda mtengo sichilowa mu bajeti, choncho panafunika injiniya wa khonsolo adzayeze. Kawiri konse tinamudikira pachabe, akuti galimoto ilibe mafuta. Kachitatu a khansala anamunyamula pa galimoto yawo. Anatsikira m'khwawa ndi tepi, mathalauza atapinda, n'kufunsa agogo ena a pafupi pomwepo kuti madzi akadzaza amafika pati. Agogo analoza chipsera pa mtengo wa mango. Iye anagwedeza mutu n'kutiuza kuti tisiye kunena za mlatho, chifukwa liwulo limaopsa anthu a zachuma. Pamafunika mizere itatu ya makalavati (mapaipi akuluakulu odutsitsa madzi pansi), konkire pamwamba, ndi makoma a miyala mbali zonse kuti madzi asamadye dothi. Anawerengetsa mtengo kumapeto kwa Okutobala. Mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, simenti n'kulumpha, ndipo pepala lake linasanduka nthano. Anawerengetsanso, ndipo nambala yatsopanoyo ndi imene inapita ku komiti ya zomangamanga.

Makomiti a makhansala ndi amene amaphika nsima ija. Ilipo ya zachuma, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ya zamaphunziro ndi ena. A khansala athu sanali mu komiti ya zomangamanga, ndiye tinawapempha kuti atiuze mnzawo amene ali m'menemo, ndipo amfumu anapita kukamulonjera kunyumba ndi kope la kaundula uja. Ena anganene kuti uku n'kunyengerera. Ine ndimati n'kuonetsetsa kuti pamene dzina la dera lanu likuwerengedwa m'chipindamo, pali munthu mmodzi amene akuona khwawa m'maso mwake.

Kenaka khonsolo inaitana msonkhano womva maganizo a anthu pa bajeti. Uwu ndiye msonkhano umene munthu wamba amaloledwa kuyankhula, ndipo ndi umene tinauphonya chaka chatha chija. Kunali amalonda, amipingo, amabungwe, ndi ife. Kumeneko ndinaphunzira kuti ndalama za khonsolo zili m'miphika iwiri. Wina ndi wa zimene imatolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo umene timangouti city rates, matikiti a m'misika, malaisensi a bizinesi, ndi zolipira poimika galimoto. Wina ndi wa zochokera ku boma, zimene zambiri zimabwera zitamangidwa kale kuti izi ndi za sukulu, izi ndi za misewu yakuti. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inalonjeza makhonsolo 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera, ndipo makhonsolo akhala akudandaula kuti lonjezolo silikwaniritsidwa. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija amati CDF, limene nthawi imeneyo linali K100 miliyoni pa dera la phungu, koma ilo linali ndi mzere wakewake wa odikira.

Nditaimirira n'kufotokoza za khwawa, mkulu wa zachuma anandifunsa mofatsa, "Mayi, kwanuko ndi nyumba zingati zimalipira city rates?" Ndinasowa poyika nkhope, chifukwa dera lathu ndi lomanga mwachisawawa ndipo ambiri sitinaonepo n'kalata yomwe ya msonkhowo. Anandiwombola ndi mayi wina wogulitsa tomato amene tinapita naye. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mpukutu wa matikiti a mumsika omangidwa ndi mphira, ena atachita kuda ndi thukuta. "Bwana, awa ndi a miyezi itatu. Tsiku lililonse ndimadula, ndagulitsa kaya sindinagulitse." Holo yonse inaseka, bwanayo n'kusekanso, koma analemba. Funso lake ndimaliganizirabe, chifukwa silinali lopusa.

Tsiku la khonsolo yonse tinapita anthu atatu okha, opanda zitenje zofanana. A khansala anali atandionetsa kale tsamba lake: mzere umodzi, dzina la dera lathu atalilemba molakwika, ndalama zitadulidwa ndi komiti ya zachuma kufika pa mizere iwiri ya makalavati m'malo mwa itatu. Anaimirira n'kupempha kuti zibwezeretsedwe. Meya anati, "Olemekezeka, mukufuna tichotse kwa yani?" A khansala anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana mapepala, ndipo anakhala pansi. Mzere wa maalawansi a misonkhano unadutsa popanda wotsokomola. Bajeti inavomerezedwa, n'kupita ku Lilongwe kukaunikidwa.

Chimene ndinachedwa kuzindikira ndi kakalata kakang'ono kumapeto kwa mzere wathu, kosonyeza mphika. Anatiika pa ndalama zotolera khonsolo yokha, kutanthauza kuti ntchito idzachitika ngati anthu alipira misonkho. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wathu anali adakali pachala, kunja kukuwomba mphepo.

Epulo anadutsa, Meyi, Juni, zii. Mu Julayi ndinalemba kalata ina, ulendo uno pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi iyankhe. Sindinadandaule chilichonse m'kalatamo. Ndinangofunsa kuti pa mzere wakutiwakuti patuluka ndalama zingati, ndipo kontilakita asankhidwa liti. Yankho linachedwerapo, koma linabwera lolembedwa, ndipo ndinaliwerenga pabwalo la mpira pamaso pa a khansala.

Lole yoyamba inatsitsa makalavati mu Seputembala. Mu Okutobala mafuta anasowa m'dziko muno, lole ya miyala n'kugona pamzere ku filing'i siteshoni masiku angapo, mitambo ikusonkhana. Amfumu anamenya belu, ndipo Loweruka awiri tinatuta mchenga ndi miyala pamutu, amayi ndi ndowa, anyamata ndi mawilibala obwereka. Konkire inauma kutatsala sabata imodzi kuti mvula yobzalira igwe.

Ana anawoloka dzinja lonse. Tsiku limodzi lokha madzi anasefukira pamwamba, chifukwa mizere iwiri siimeza zimene itatu ikanameza, ndipo kumunsi kumene khoma silinamalizidwe dothi layamba kudyeka, mizu ya mango uja ili pamtunda. Kalata ya khomalo ndinali nditakaisiya kale mu Okutobala momwemo, pakati pa Loweruka awiri aja. Mtsikana wa pa kauntala atandiona pakhomo anayamba n'kutsegula kabati kufunafuna inki.